Yankho kwa alamu pa nkhani ya mfuti yoti agule

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko pamodzi ndi achemwali anga ndi ana? Ndamvetsera uthenga umene munatumiza m'gulu lathu la banja, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndiyankhe ndi mawu chifukwa nkhaniyi ndi yolemera. Mwati popeza tsopano mukukhala kunja kwa tauni, kumene apolisi amatenga nthawi kuti afike ndiponso zilombo zayamba kukutherani nkhuku, mukufuna mfuti ya chifefe yopopa ndi dzanja, ya mpope waufupi, yosakwera mtengo. Mwati m'sitolo mwapezamo zitatu, Maverick 88, Stevens 320, ndi Remington 870 Express imene wina anaigwiritsapo kale ntchito, ndipo mukufunsa kuti mutenge iti.

Ndiyambe ndi malamulo, chifukwa ife obwera kuno ku America tikalakwitsa pa nkhani ya mfuti, chilango chake sichithera kundende kokha. Inu muli ndi green card, chiphaso chokhalira m'dziko lino mokhazikika, choncho lamulo la dziko lonse limakulolani kugula, pamene munthu wokhala kuno pa viza ya sukulu kapena ya ntchito nthawi zambiri saloledwa. Mukagule kwa wogulitsa amene ali ndi chiphaso, mulembe fomu ya 4473 mosabisa kanthu, ndipo mudikire kuti afufuze mbiri yanu ku FBI. Tsono mawu akuti "mpope waufupi" muwamvetse bwino. Lamulo la National Firearms Act la mu 1934 limati mpope wa mfuti yotereyi usachepere mainchesi 18, ndipo mfuti yonse isachepere mainchesi 26, pokhapokha italembetsedwa mwapadera ku ATF, bungwe la boma loona za mfuti. N'chifukwa chake makampani amapanga mipope ya mainchesi 18.5, omwe ndi pafupifupi masentimita 47, kuti pakhale kampata. Wina asadzakunamizeni kuti mungathe kudulako mpope kuti mfuti ipepuke, pakuti umenewo ndi mlandu wa zaka zofika 10 kundende, ndipo mlandu wa mfuti ungachititse kuti munthu wa green card abwezedwe kwawo. Mufunsenso za malamulo a chigawo chanu, chifukwa amasiyana ndi a kuno kumene ndili.

Pa zitatu mwatchulazo, ine ndikuti tengani Maverick 88 ya mpope wa mainchesi 18.5, yokhala ndi thako lathunthu lotsamiritsa paphewa. Mfuti imeneyi ndi ya kampani ya Mossberg, amailumikiza ku Eagle Pass ku Texas, ndipo yakhala pamsika kuyambira cha mu 1988. Kapangidwe kake kanachokera ku Mossberg 500, imene alenje ndi apolisi aigwiritsa ntchito kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo ubwino wake waukulu wagona pa ubale umenewu. Mipope ya Mossberg 500 imalowa pa Maverick 88, kotero kuti tsiku limene mudzafune kukasaka abakha kapena kuwombera timbale tadothi kumalo ophunzirira, mudzangomasula kachitsulo kamodzi kutsogolo ndi zala zanu, kuchotsa mpope waufupi, n'kuikapo wa mainchesi 28. Masitolo ena amagulitsa mfutiyi ndi mipope yonse iwiri pamodzi, ndipo mukapeza yoteroyo pa mtengo wabwino musaisiye. Chenjezo ndi lakuti pali ya zipolopolo 5 m'paipi yosungira ndi ina ya zipolopolo 7 yokhala ndi mpope wa mainchesi 20, ndipo mipope ya ziwirizi siisinthana. Ya zipolopolo 5 ndi imene mipope yake imapezeka paliponse, choncho ndi imene ndikukulangizani.

Mwina mudabwa kuti nanga imatsika mtengo chifukwa chiyani, popeza nthawi zambiri imapezeka pakati pa madola 200 ndi 300. Mossberg anachepetsa ndalama m'malo amene sakhudza kuwomba kwa mfuti. Zipangizo zina zimapangidwa ku Mexico, chogwirira chopopera anachimatiriza ku zitsulo zake kotero kuti n'chovuta kusintha, pamwamba sanaboolepo timabowo tomangirapo galasi loyang'anira, ndipo kabatani ka safety, kotsekera mfuti kuti isawombe mwangozi, anakaika kutsogolo kwa trigger, kachitsulo kokoka ndi chala powomba, m'malo mokaika pamwamba monga pa Mossberg 500. Kwa munthu wofuna kuteteza nyumba ndi khola, palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chingamusowetse tulo.

Stevens 320 sindikuinyoza. Amaipanga ku China, kampani ya Savage Arms ndi imene imaibweretsa kuno, ndipo kapangidwe kake kamatsata Winchester 1300. Imapopeka mofewa, ndipo kawirikawiri mtengo wake umatsikirapo pang'ono. Vuto ndi la mawa, chifukwa kachitsulo kena kakadzathyoka kapena mukadzafuna mpope wina, mudzayenda mtunda kuti mupeze, pamene za Mossberg wokonza mfuti aliyense amazidziwa. Madola ochepa amene mungapulumutse lero sakulingana ndi vuto limenelo.

Remington 870 ndi nkhani ina, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake mtima wanu wakokera komweko. Inatuluka mu 1950, zapangidwa zoposa 10 miliyoni, ndipo thunthu lake ndi lachitsulo cholimba pamene la Maverick ndi la aluminiyamu. Komabe mtundu wa Express, makamaka zimene zinapangidwa m'zaka zoyandikira kugwa kwa kampaniyo pa ngongole mu 2018 ndi mu 2020, unadziwika ndi kuchita dzimbiri msanga ndiponso kukakamira kwa zipolopolo zotsika mtengo zikatha kuwombedwa. Ngati mukuifunabe, pemphani wogulitsa aitsegule pamaso panu, muonetsetse kuti mulibe chipolopolo, kenaka muunike ndi tochi mkati mwa mpope, makamaka kumene chipolopolo chimakhala. Mkatimo muziwala mosalala. Mukaona timaenje, mizere, kapena kufiirira kwa dzimbiri pansi pa mpope ndi m'mbali mwa thunthu, ibwezeni. Koma mukadzapeza 870 yakale ya mtundu wa Wingmaster yosamalidwa bwino pa mtengo wofanana, pamenepo ndingasinthe maganizo anga.

Popita kusitolo mutengane ndi achemwali anga, chifukwa mfuti yokhala m'nyumba iyenera kukwanira onse akuluakulu amene angadzaigwire. Aliyense aitsamiritse paphewa, aone ngati dzanja lakutsogolo likufika pa chopopera chigongono chili chopindika pang'ono, ndiponso ngati chala chikufika pa safety popanda kusuntha dzanja lonse. Pa Maverick kabataniko kali kutsogolo kwa trigger, pa Remington kali kumbuyo kwake, ndipo kusiyana kumeneku kumamveka kwambiri kwa munthu wa zala zazifupi. Mfuti ikakhala yaitali kwa iwo, pali zokhala ndi thako lalifupi, ndipo ngati kukankha kwa mfuti ya 12 gauge, ya mpope wotakata ndi zipolopolo zazikulu, kukuwapweteka phewa, ya 20 gauge, ya zipolopolo zocheperako, ndi yokwanira pa ntchito mwatchulayi. Zimene ndikukuletsani ndi zija zopanda thako, zongokhala ndi chogwirira ngati cha pisitolo. Zimaoneka zochititsa chidwi pakhoma la sitolo, koma n'zovuta kulunjika nazo ndipo mphamvu yonse imathera pamkono.

Pali zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amanamizana za mfuti zimenezi, ndipo ndikufuna muzimve kwa ine musanazimve kwa ogulitsa. Choyamba ndi chakuti mfuti ya chifefe siifuna kulunjika chifukwa tinjere take timamwazika. M'kati mwa nyumba, pa mtunda wa mamita ochepa, tinjereto timakhala tisanamwazike kuposa chikhatho cha dzanja, ndiye kuphonya n'kosavuta. Kuphonyako n'koopsa chifukwa makoma a nyumba za kuno si a njerwa zootcha ngati kwathu, ndi matabwa ndi timabolodi topyapyala, ndipo chipolopolo cha 00 buckshot, chimene chimanyamula tinjere 8 kapena 9 ta mtovu, chimaboola makoma angapo otere. Muyende m'nyumba mwanu masana, muime pakhomo la chipinda chanu, muone kumene zipinda za ana zili ndi kumene simungalozeko mfuti zivute zitani. Mukhalenso ndi tochi, chifukwa munthu sawombera chinthu chimene sanachione bwino, ndipo wogogoda usiku angathe kukhala mnansi amene galimoto yamufera.

Chachiwiri ndi chakuti mfuti yopopa siikanika. Mfutiyo payokha ndi yodalirika, koma dzanja la munthu wamantha limakoka chopopera mosafikitsa kumapeto, ndiye chipolopolo chotha sichituluka kapena chatsopano sichilowa. Mankhwala ake ndi kuzolowera kukoka mwamphamvu mpaka kumbuyo ndi kukankha mpaka kutsogolo, ndipo zimenezi zimaphunziridwa kwa mphunzitsi wovomerezeka, ndi zipolopolo zotsika mtengo za mbalame, mutavala zoteteza makutu ndi maso. Musaisunge mfuti yatsopano musanakaiyese ndi zipolopolo zomwezo zimene mudzasunge kunyumba.

Tsono nkhani imene ikundikhudza kwambiri ndi ya adzukulu athu aja, chifukwa ali pa msinkhu wofufuza paliponse. Kabatani ka safety pa mfuti zamtunduwu kamangotseka trigger, ndipo mfuti yokhala ndi chipolopolo mumpope ikagwa mwamphamvu ingathe kulira. Choncho muziisunga mumpope mulibe kanthu, m'bokosi lachitsulo lokhoma lomangiriridwa kukhoma, ndipo makiyi kapena manambala ake azidziwika kwa inu awiri nokha. Ndalama imene mwapulumutsa potenga Maverick ipite ku bokosi limeneli ndi ku maphunziro, ndipo ngati sikukwana zonse mwezi uno, bokosilo lifike m'nyumba mfuti isanafike. Za zilombo zakukhola, muyambe mwaimbira ofesi yoona za nyama zakutchire m'chigawo chanu, chifukwa pali malamulo onena za nyama zimene mungaphe, nyengo yake, ndi mtunda umene muyenera kutalikira nyumba za anzanu powombera. Mukamva zimene akuuzani mundidziwitse, kuti tikambirane za zipolopolo zoyenera ntchito imeneyo.