Mafomula amawaloweza, koma thirayango ikapendekeka amasokonezeka

Funso: Mwana wanga wangoyamba sekondale. Mafomula a mathirayango amawatchula pamtima, koma pamayeso amalakwa, makamaka chithunzi chikajambulidwa chopendekeka. Ndimuthandize bwanji ine amene masamu ndinasiyana nawo kalekale?

Yankho: Mayi, mwana wanu waloweza mawu asanaone ndi maso chimene mawuwo akunena. Zimenezi mukhoza kuzikonza muli pakhomo, ndi pepala, lumo ndi rula basi.

Yambani ndi ngodya. Adule thirayango iliyonse, ang'ambe makona ake atatu, awayale moyandikana nsonga zitakumana pamodzi. Adzaona mzere wowongoka, womwe ndi madigiri 180. Abwerezenso ndi ina yowonda, ina yotakata. Akadzatsimikiza yekha kuti sizisintha, mukamufunsa kuti ngodya ziwiri ndi 50 ndi 70, yachitatu ndi ingati, adzangoti 60.

Koma ine ndikuganiza kuti pomwe akugwa kwenikweni ndi pa msinkhu. Ana ambiri akamva kuti eriya, kutanthauza kukula kwa malo a mkati mwa thirayango, ndi theka la tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu, amangotola mbali yopendekeka ija n'kuiyesa msinkhu. Ayi ndithu. Msinkhu umachoka pansonga n'kutsika mowongoka kukakumana ndi tsinde pa madigiri 90, ngati chingwe chimene mwamangirira mwala n'kuchilendewetsa. Ngodya imodzi ya patsinde ikaposa 90, msinkhuwo umagwera kunja kwa thirayango, ndipo mwana amene sanazionepo amaganiza kuti walakwitsa. Komanso mbali iliyonse ikhoza kukhala tsinde. Thirayango ilibe kunsi kwake, ndiye chithunzi chikamuvuta angotembenuza pepalalo, palibe lamulo loletsa. Theka lija nalonso lili ndi chifukwa chake: akadula rekitango kuchokera kona ina kufika kona yoyang'anizana nayo, apeza mathirayango awiri ofanana ndendende.

Lamulo la Pythagoras, katswiri wakale wa masamu, limagwira pa thirayango yokhala ndi ngodya ya 90 yokha, ngakhale ana amakonda kuliponya paliponse. Agwire kaye thirayango ya mbali 3, 4 ndi 5: 3 kuchulukitsa ndi 3 n'kupeza 9, 4 kuchulukitsa ndi 4 n'kupeza 16, 9 kuphatikiza 16 n'kupeza 25, yemwe ndi 5 kuchulukitsa ndi 5, ndipo 5 uja, mbali yaitali kwambiri, nthawi zonse amayang'anizana ndi ngodya ya 90. Anthu a ku Babulo ankadziwa manambala otere zaka zoposa 1,000 Pythagoras asanabadwe.

Akakufunsani kuti zonsezi n'zantchito yanji, mutengereni pomwe amisiri akuyeza maziko a nyumba. Mmisiri amayeza mamita 3 mbali ina, 4 mbali inayo, ndipo pakati pakapezeka 5 amadziwa kuti kona yawongoka. Ayang'anenso mitengo ya denga kapena zitsulo za mlatho, mwadzaza mathirayango. Timitengo tinayi tokhomerana m'makona timapendekeka mukatikankha, pomwe titatu sitisuntha. Akhome yekha timitengoto Loweruka likubwerali, ayese kutikankha.