Mafunso a Chiyankhulo: Mawu Olembera Nkhani za Ziwerengero za Boma

Mayi wina wa ku Matero, amene ali m'komiti ya chitukuko ya m'dera lawo, walemba kuti: "Kumsonkhano wathu kunabwera achinyamata odziwa za makompyuta, amene akufuna kuti mmene ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu, zikuyendera zizioneka pa foni. Pakapepala kawo analemba kuti 'deta yotseguka ya boma'. Kodi mawu amenewa ndi olondola?"

Mayi, cholinga cha achinyamatawo nchabwino, koma mawuwo sangawafikitse kumene akufuna. Vuto loyamba lili pa "deta". Muno mu Lusaka, munthu akadandaula kuti deta yamuthera, aliyense amadziwa kuti akunena za mabandulo a intaneti, moti wogulitsa tomato pamsika wa Matero akawerenga kapepalako akhoza kuganiza kuti boma layamba kugawa intaneti yaulere. Vuto lachiwiri ndi "yotseguka". Timatsegula chitseko, sitolo, botolo, ngakhale msonkhano, koma nkhani imene inali kubisika sitiitsegula, timaiika poyera, kapena pambalambanda ngati tikufuna kutsindika. Choncho ndingakonde kuti alembe kuti "ziwerengero ndi zikalata za boma zoikidwa poyera".

Komabe "poyera" payekha sakukwanira. Chikalata chomatidwa pakhoma ku Civic Centre, likulu la khonsolo ya mzinda wa Lusaka, chili poyera ndithu, koma wa ku Mandevu ayenera kulipira basi kuti akachione, ndipo sangathe kuphatikiza manambala ake ndi a chaka chatha popanda kuwakopera pamanja. Zimene achinyamatawo akutanthauza n'zakuti munthu aliyense azitha kutenga ziwerengerozo pa intaneti, kuziwerengetsa yekha ndi kugawira anzake, osalipira kapena kudikira chilolezo. Mfundo imeneyi ailembe m'chiganizo chathunthu kamodzi kokha pamwamba pa kapepalako, ndipo m'munsimo azitchula chinthu chilichonse ndi dzina lake. Kuchuluka kwa anthu, monga mmene kalembera wa 2022 wa bungwe la Zambia Statistics Agency anapezera kuti dziko lino lili ndi anthu oposa 19 miliyoni, ndi chiwerengero. Mayina a makalabu amene alandira thandizo ndi mndandanda, ndipo buku losungamo mayinawo ndi kaundula. Dongosolo la mmene ndalama zidzagawidwire ndi ndondomeko ya zachuma, ngakhale kuti "bajeti" nayo inakhazikika kale m'kamwa mwa anthu. Kusiyanitsa kumeneku kuli kofunika kwambiri tsopano, pakuti mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo munthu wofuna kutsatira ndalama zochuluka chotere ayenera kudziwa ngati akufunsa bajeti, kaundula kapena malisiti.

Mphunzitsi wina wa ku Kabwata akufunsa ngati n'koyenera kulemba kuti nzika ili ndi ufulu "wopempha" zikalata za boma, polongosola lamulo la Access to Information limene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina mu Disembala 2023.

Aphunzitsi, galamala yake ilibe cholakwa, koma ine ndingasankhe "kuitanitsa". Wopempha amadziwa kuti mwini chinthu akhoza kum'mana popanda kufotokoza chifukwa, pamene woitanitsa amafuna chinthu chimene ali nacho gawo. Lamulo lotere limavomereza kuti zikalata zina zisatulutsidwe, monga zokhudza chitetezo cha dziko, koma kupatula zimenezo nzika sikupempha chifundo ayi.

Funso lachitatu lachokera kwa mnyamata wa ku Kanyama amene akukonza pulogalamu ya pa foni yoti anthu azidziwitsira khonsolo za mavuto a m'makomboni. Iye akuti: "Pamndandanda wa madandaulo ndilembe kuti 'ngalande yatsekeka' kapena 'ngalande yatsekedwa'? Anzanga akuti n'chimodzimodzi."

Achimwene, si chimodzimodzi, ndipo anzanuwo musawamvere. Pa mawu ngati amenewa, mneni wothera ndi -ka kapena -eka amangonena mmene chinthu chilili, osaloza munthu aliyense: mpopi wathyoka, mlatho wagumuka, ngalande yatsekeka. Mneni wothera ndi -dwa amanena kuti alipo amene wachita, ngakhale tisamutchule: mpopi wathyoledwa, mlatho wagumulidwa, ngalande yatsekedwa. N'chifukwa chake tinganene kuti ngalande yatsekeka ndi zinyalala, pakuti zinyalala zangokhala chifukwa chake, koma sitinganene kuti yatsekeka ndi munthu womanga nyumba. Pamenepo timati yatsekedwa.

Inu mukudziwa kuposa ine mmene Kanyama imakhalira mvula ikagwa. Madzi amadikha m'misewu n'kulowa m'zimbudzi ndi m'zitsime zosazama, ndipo kolera imapezerapo mpata, monga zinachitikira mu Januwale 2024 pamene bwalo la National Heroes Stadium linasanduka malo othandizira odwala. Ngalande imene yadzaza mapepala apulasitiki ndi mchenga ikufuna anthu a mafosholo ndi mawilibala, koma imene wina wamangapo khoma la mpanda ikufuna akuluakulu oona za mapulani a mzinda. Mukaika zonse pansi pa mawu amodzi, ziwerengero zimene pulogalamu yanu idzasonkhanitse sizidzauza khonsolo kuti itumize ndani. Ikani zonse ziwiri pamndandanda, ndipo wosankha "yatsekedwa" apeze malo ofotokozera chimene chatseka, popanda kumukakamiza kutchula dzina la mnansi wake, chifukwa madandaulowo akadzaikidwa poyera dzinalo lidzaonekera kwa aliyense.

Kusiyana komweku muzikuyang'anitsitsa powerenga malipoti omasuliridwa m'chiyankhulo chathu. Lipoti likati "ndalama zina zinaonongeka", lalemba ngati kuti ndalamazo zinavunda zokha m'kabati. Likati "zinaonongedwa", lavomereza kuti panali dzanja la munthu, ndipo komiti ya mayi wa ku Matero uja ili ndi poyambira kufunsa kuti dzanjalo linali la yani, pa ntchito iti, ndiponso m'mwezi uti.