Mbiri ya njanji ndi fakitale ya fodya ku Limbe: kumene mungapeze zolembedwa zakale

Achimwene amene mwafunsa kuti mungazipeze kuti zolembedwa zakale za mafakitale a ku Limbe, poti agogo anu ankagwira ntchito ku wekishopu ya njanji kenako ku fakitale ya fodya, ndaona ambiri muno akukuuzani kuti mupite kumakampaniko mukafunse. Pitani ndithu, koma musakayembekezere zambiri. Makampaniwa asintha eni kangapo. Njanji yokhayo inali Shire Highlands Railway pamene sitima inayamba kufika ku Blantyre mu 1908, kenako inadzakhala Nyasaland Railways, kenako Malawi Railways, mpaka mu 1999 inaperekedwa m'manja mwa Central East African Railways. Eni akamasintha chonchi mapepala amasamutsidwa, ena amatayika, ndipo amene mukawapeze mu ofesi lero analembedwa ntchito yoyendetsa katundu, osati yosunga makalata a m'ma 1940. Onjezani apo kuti mabwana enieni a makampaniwa ankakhala ku Britain, ndipo mabuku akuluakulu a ndalama ndi a misonkhano ankasungidwa komweko.

Langizo langa ndi lakuti musamafufuze kampaniyo payokha. Fufuzani pamene kampaniyo inkakumana ndi boma. Ikafuna malo, inkalembera boma. Wantchito akavulala ndi makina, ogwira ntchito akanyanyala, pakakhala mkangano wa malipiro kapena wa phoso, nkhani inkafika kwa DC ndi ku dipatimenti ya zantchito. Atsamunda anali ndi zoipa zawo zambiri, koma kulemba ankalemba, ndipo zambiri mwa zimenezo zili ku National Archives of Malawi ku Zomba.

Ndiye yambirani ku Zomba. Malowa anatsegulidwa mu 1947 ngati nthambi ya Central African Archives. Mukafika, musanene kuti mukufuna mbiri ya Limbe basi, chifukwa mafayilo anasanjidwa motsata ofesi imene inawalemba, osati motsata mutu wa nkhani yanu. Pemphani mabuku a mndandanda wa mafayilo. A ofesi yaikulu ya boma la atsamunda ambiri amayamba ndi S1, a Chigawo cha Kummwera amayamba ndi NS. Khalani ndi mndandandawo tsiku lathunthu, muzilemba manambala a mafayilo onse amene mutu wake ukukhudza njanji, fodya, antchito, nyumba za antchito ndi ngozi. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo ambiri amafuna kuidumpha, koma ndi imene imasiyanitsa amene abwerere ndi kanthu ndi amene abwerere chimanjamanja. Malipoti a pachaka a DC wa Blantyre ndi a dipatimenti ya zantchito muwawerenge motsatana chaka ndi chaka, chifukwa ndi mmene mumaonera malipiro akukwera kapena kuima, ndi kumene antchito ankachokera. Fufuzaninso za sitalaka ya antchito a njanji ya mu 1960. Pa nthawi ngati imeneyo boma linkalemba kwambiri, ndipo ndi m'mafayilo otere mmene mawu a antchito eni ake amamveka, m'makalata a madandaulo ndi a bungwe lawo.

Pali zinthu ziwiri zimene zingakusokonezeni. Choyamba ndi moto. Mu 1919 ofesi yaikulu ya boma ku Zomba inapsa, ndipo mafayilo ambiri a kuyambira 1891 anathera pomwepo. Tsono zaka zimene njanji inkamangidwa, ndi pamene Imperial Tobacco Company inkatsegula fakitale yake ku Limbe mu 1908, ndi zimene zili zoperewera ku Zomba. Mwayi wake ndi wakuti bwanamkubwa ankatumiza makalata ku London, ndipo amenewo alipo ku The National Archives ku Kew, m'gulu lotchedwa CO 525. Mndandanda wawo uli pa intaneti, mukhoza kuufufuza muli ku Bangwe komweko ndi foni yanu. Kuti muone fayilo yeniyeniyo ndi pamene pamafunika ndalama yoti akujambulireni, kapena m'bale amene ali ku UK akhale ndi tsiku lomasuka. Muno m'gulu alipo ambiri okhala kumeneko, musachite manyazi kupempha. Chachiwiri ndi Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kuyambira 1953 mpaka 1963 nkhani za njanji ndi za malonda zinali m'manja mwa boma la Chitaganya ku Salisbury (Harare ya lero), ndiye mafayilo ena a zaka zimenezo muyenera kuwayembekezera ku National Archives of Zimbabwe ku Harare, osati kwathu kuno.

Pofufuza, kaya pa intaneti kaya m'mabuku a mndandanda, gwiritsani ntchito mayina a nthawi imeneyo. Lembani Nyasaland, Port Herald m'malo mwa Nsanje, Cholo m'malo mwa Thyolo, Mlanje m'malo mwa Mulanje, Fort Johnston m'malo mwa Mangochi. Kumbukiraninso kuti Limbe inali tauni payokha, ya khonsolo yakeyake, mpaka inaphatikizidwa ndi Blantyre mu 1956. Nkhani za mapuloti, madzi ndi nyumba za antchito za zaka zam'mbuyo mwake muzizifuna pa dzina la Limbe.

Kwa inu amene muli ku Blantyre, malo apafupi ndi laibulale ya Society of Malawi, m'chipinda chapamwamba cha Mandala House, nyumba imene inamangidwa mu 1882. Ine pamenepa ndimapakonda chifukwa ndi pachete ndipo mabuku ake ndi osowa. Bungweli linayamba mu 1946, ndipo magazini yake yakhala ikutuluka kuyambira 1948. Muli nkhani zambiri za njanji, sitima za panyanja, tiyi ndi fodya, zina zolembedwa ndi azungu amene ankayendetsa ntchitozo. Muwerenge mochenjera. Amenewa amakuuzani dzina la injiniya, mtundu wa injini ndi tsiku limene inafika, koma anthu amene ananyamula zitsulozo pamapewa amangowatchula ngati chiwerengero. Zithunzi zakale zimene amasunga pamenepo ndi zothandiza kwambiri. Mukatuluka, dutsirani ku Museum ya ku Chichiri mukaone mainjini akale a sitima ndi makina ena amene ali pabwalo, kuti mukamawerenga za wekishopu mukhale mukudziwa chimene agogo anu ankakonza.

Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi chuma chimene chili ku laibulale ya University of Malawi ku Zomba, kumene ambirife timangoti ku Chanco. Kuli chigawo cha mabuku okhudza Malawi chotchedwa Malawiana, ndiponso kuli mapepala a kafukufuku amene ophunzira a mbiri akhala akulemba kwa zaka zambiri. Ambiri mwa ophunzirawo ankapita kumudzi kwawo kukacheza ndi okalamba amene lero kulibe. Mwina simupeza pepala lonena za fakitale yanuyo ndendende, koma yang'anani kumapeto kwa pepala lililonse lokhudza antchito kapena fodya. Manambala a mafayilo a ku Archives amene wolembayo anagwiritsa ntchito amakhala pamenepo, ndipo mumapulumutsa nthawi yambiri. Popeza malo awiriwa ali mumzinda umodzi, konzani ulendo umodzi wa masiku angapo.

Nyuzipepala musaziiwale. Daily Times ya leroyi ndi imene kale inali Nyasaland Times, ndipo chiyambi chake ndi Central African Planter ya mu 1895. Inali ya azungu a m'maesiteti ndi amalonda, ndiye mitengo ya fodya, nthawi za sitima, zotsatsa malonda ndi milandu ya kukhoti zimapezekamo. Msika wa okushoni wa fodya utatsegulidwa ku Limbe mu 1938, nkhani zake zinkatuluka mmenemo. Koma nyuzipepala ndi yabwino mukakhala kuti mukudziwa kale chaka ndi mwezi. Kungoyamba kuvundukula popanda deti, mudzatha mwezi muli pa chaka chimodzi.

Za kunja ndingowonjezera mwachidule: Imperial Tobacco inali ya ku Bristol, ndipo zolemba zambiri za kampaniyo zili ku Bristol Archives. Alembereni imelo yofunsa ngati ali ndi za Limbe musanatume munthu.

Musananyamuke kupita ku Zomba, imbani kaye mufunse za chilolezo, ndalama zolipira ndi malamulo ojambula ndi foni, chifukwa zimenezi zimasintha. Tengani chitupa chanu ndi kalata yofotokoza chimene mukufufuza. Mafayilo a zaka zaposachedwa ena amakhala asanatsegulidwe kwa anthu wamba. Chilichonse chimene mwajambula, jambulani kaye chikuto chake pamene pali nambala, apo ayi mudzakhala ndi zithunzi mazana osadziwa kuti zinachokera mu fayilo iti.

Ndikuuzenitu poyera, dzina la agogo anu mwina simukalipeza m'mafayilo a boma, pokhapokha ngati anavulala, anali ndi mlandu, anali kapitawo kapena mtsogoleri wa bungwe la antchito. Dzinalo lili kunyumba. Funsani azakhali anu za sutikesi ya malemu: khadi la ntchito, kalata ya penshoni, satifiketi ya zaka zambiri pantchito, chithunzi cha timu ya mpira ya kampani. Nambala ya ntchito ndi chaka chimene analowa ndi zimene zidzakulozereni mafayilo oyenera. Ndipo anthu amene anagwira ntchito ku njanji ndi ku fodya m'ma 1960 ndi 1970 akadalipo ku Bangwe, ku Ndirande ndi kumidzi ya ku Chiradzulu ndi ku Thyolo. Funsani kutchalitchi kapena kumzikiti, akulozerani. Awa muyambe nawo mwezi uno, musadikire ulendo wa ku Zomba. Pemphani chilolezo musanawajambule mawu, ndipo musawafunse za mbiri ya kampani, afunseni kuti belu linkalira nthawi yanji, ankalandira zingati, kapitawo wawo anali wotani, ndiponso ankagona kuti.