Yankho kwa mayi amene afunsa za amuna awo olankhula pa foni akuyendetsa galimoto

Mayi, mwalemba kuti amuna anu amayankha foni akuyendetsa galimoto, ndipo mukawadandaulira amati palibe chodetsa nkhawa chifukwa amavala mahedifoni kapena kuika foniyo pa sipika, manja awo onse awiri ali pa chiwongolero, komanso chifukwa ayendetsa zaka 18 osachitapo ngozi. Mwafunsa ngati iwo akunena zoona kapena ngati inuyo mukungochita mantha opanda pake. Ambiri amene akuyankhani pagulu pano akutsindika za kulemba mauthenga, zomwe n'zoopsadi, koma si zimene mwafunsa. Ine ndikufuna ndikhazikike pa mfundo ziwiri za abambowo, chifukwa ndi mfundo zomwenso ndinkadzikhululukira nazo kwa zaka zambiri.

Mantha anu ali ndi maziko. Chimene foni imalanda kwa woyendetsa galimoto si dzanja lokha ayi, imalandanso maganizo, ndipo mahedifoni amabweza dzanjalo koma sabweza maganizowo. M'chaka cha 1997, Donald Redelmeier ndi Robert Tibshirani anafalitsa zotsatira za kafukufuku wawo pa madalaivala 699 a mumzinda wa Toronto ku Canada amene anachita ngozi. Iwo anayerekezera nthawi imene ngozi iliyonse inachitika ndi nthawi imene foni ya dalaivalayo inali kugwira ntchito, ndipo anapeza kuti munthu akamalankhula pa foni, mpata woti achite ngozi umakula kanayi. Chimene chinadabwitsa anthu ambiri n'chakuti amene ankagwiritsa ntchito mafoni osagwira m'manja sanapezeke otetezeka kuposa anzawo ogwirizira foni kukhutu. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mpaka pano limanena zomwezo, kuti ngozi imayandikira pafupifupi kanayi kwa wolankhula pa foni, ndipo kusagwira foni m'manja sikuchepetsa kwenikweni vutolo.

Chifukwa chake n'chakuti maso amangotola zithunzi, koma amene amaona ndi ubongo. Munthu akhoza kuyang'anitsitsa msewu, maso ali tong'o, koma osaona mwana amene waima m'mphepete akufuna kuwoloka, chifukwa ubongo wake uli pa ngongole imene mnzake akumukumbutsa pa foni. Akatswiri a za maganizo a anthu, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, anaonetsa zimenezi mu 1999 m'njira yoseketsa koma yochititsa mantha. Anaonetsa anthu kanema wa achinyamata akuponyerana mpira, n'kuwauza kuti awerenge kuti ovala zoyera aponyerana kangati. Mkati mwa kanemayo munadutsa munthu wovala ngati nyani wamkulu wotchedwa gorila, ndipo pafupifupi theka la owonererawo sanamuone n'komwe, ngakhale kuti maso awo anali pomwepo. Ambiri anadabwa kwambiri atawabwerezera kanemayo. Izi n'zimene zimachitika dalaivala akagunda wokwera njinga n'kumalumbira kuti wanjingayo anangotulukira mwadzidzidzi. Nthawi zambiri sakhala akunama. Wanjingayo analipo, maso anamujambula, koma ubongo sunalandire uthengawo chifukwa unali wotanganidwa kwina. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ubongo wa munthu suchita ntchito ziwiri zofuna kuganiza pa nthawi imodzi, umangodumphadumpha pakati pa ziwirizo, n'kutaya kanthu paliponse pamene wadumpha.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikukhulupirira kuti abambowo amachita, ndipo mungawakumbutse mwaulemu. Akamafunafuna nyumba imene sakuidziwa bwino, kapena akamabwerera m'mbuyo pamalo opanikizika, kodi sachepetsa wailesi kapena kuuza ana kuti akhale chete kaye? Pafupifupi dalaivala aliyense amatero. Wailesi siphimba maso ndipo sigwira dzanja, komabe munthu amaizimitsa kuti aone bwino. Pamenepo thupi lawo lavomereza kale zimene pakamwa pawo pakukana, kuti chimene chikulowa m'khutu chimachepetsa chimene maso angaone.

Mwina adzakuyankhani kuti ngati zili choncho, ndiye kuti nanunso musamawalankhule mukakhala nawo m'galimoto. Funso limenelo ndi lanzeru, ndipo yankho lake lilipo. Munthu amene wakhala pampando wa pambali akuona msewu womwewo. Galimoto ikafika pamphambano yovuta, kapena lole ikayamba kulowerera, iye amasiya kulankhula osauzidwa, mwinanso amakuwa kuti taonani uyo. Kucheza kwawo kumatsatira msewu, kumaima ndi kuyambiranso malinga ndi zimene zili kutsogolo. Wa pa foni saona chilichonse. Amapitiriza kufunsa mafunso pa nthawi yomwe dalaivala akupitirira galimoto ina, ndipo dalaivalayo akakhala chete kwa kanthawi, winayo amayamba kufunsa ngati akumumva, motero ulemu umakakamiza woyendetsayo kuyankha pa mphindi imene sayenera kuganiza china chilichonse. Onjezani pamenepo kuti mawu a pa foni amadukaduka, ndipo munthu amagwiritsa ntchito nzeru zambiri pongofuna kumva zimene zikunenedwa. David Strayer ndi anzake a ku yunivesite ya Utah ku America anayesa madalaivala pa makina oyerekezera kuyendetsa galimoto, ndipo mu 2006 analengeza kuti olankhula pa foni, kaya yogwira m'manja kaya ayi, ankachedwa kuponda mabuleki, ndipo kusokonezeka kwawo kunali kofanana kukula kwake ndi kwa anthu amene anamwa mowa mpaka kuchuluka kwa mowa m'magazi mwawo kufika pa mlingo wa 0.08 peresenti, womwe ndi malire a lamulo m'madera ambiri a dzikolo. Sindikunena izi pofuna kupeputsa mowa, pakuti kuledzera kumakhala ndi munthu ulendo wonse pomwe foni imatha pakapita mphindi zingapo, koma pa mphindi zimenezo munthu amene sanalawe dontho la mowa amakhala woopsa ngati woledzera.

Kuchedwa kuponda mabuleki kumamveka ngati nkhani yaing'ono mpaka munthu atawerengera mamita. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi, ndipo yothamanga makilomita 90 pa ola imadutsa mamita 25. Munthu akachedwa ndi theka la sekondi lokha pa liwiro la 90, galimoto imakhala yapita mamita oposa 12 phazi lisanakhudze buleki, womwe ndi mtunda wokwana magalimoto ang'onoang'ono atatu ondondozana. Mamita amenewo ndi amene amalekanitsa kuima pafupi ndi munthu ndi kumuponda. Ndipo tisanamizane kuti wa mahedifoni sayang'ana foni. Imalira, amaisuzumira kuti aone woimba, amaifufuza pamene yagwera, amadina poyankhira, ndipo ikaduka amaimbanso. Masekondi 4 oyang'ana pansi pa liwiro la 90 ndi mamita 100, pafupifupi kutalika kwa bwalo la mpira, ndipo mtunda wonsewo galimoto imayenda yopanda woiyang'anira. Ofufuza a ku yunivesite ya Virginia Tech ku America, amene anaika makamera m'malole ndi kujambula madalaivala ali pa ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku, ananena mu 2009 kuti wolemba uthenga akuyendetsa amachulukitsa ka 23 mpata wochita ngozi kapena kutsala pang'ono kuichita.

Tsopano ndifike pa zaka 18 zija, chifukwa ndi pamene pagona mtima wa nkhaniyi. Sindikukayika kuti abambowo ndi dalaivala waluso, koma zaka zopanda ngozi si umboni woti foni ilibe vuto. Ngozi imafuna zinthu ziwiri zikumane pa sekondi imodzi, kusokonezeka kwa dalaivala ndi chinthu chadzidzidzi pamsewu. Maulendo ambiri chadzidzidzicho sichibwera, choncho munthu amalankhula pa foni, amafika bwino, ndipo mumtima mwake amalemba kuti palibe chinachitika. Akachita zimenezi kambirimbiri, amayamba kuyesa mwayi ngati luso. Choipa kwambiri n'chakuti wosokonezeka sadziwa zimene waphonya, popeza chimene sanachione sangachikumbukire. Sadziwa kuti anapatuka pang'ono mumzere wake ndipo wobwera kutsogolo ndiye anamuzemba, kapena kuti mayi wina anakoka mwana wake kuchoka m'mphepete. Zaka 18 zimenezo zili ndi anthu ambiri osadziwika amene anaponda mabuleki m'malo mwawo.

Ine ndinazindikira izi madzulo ena pamene ndinkakambirana za ntchito pa sipika, manja onse ali pa chiwongolero monga mmene abambowo amanenera. Nditamaliza kulankhula ndinapeza kuti ndadutsa pokhotera panga ndi mtunda wautali, ndipo nditayesa kukumbukira zimene ndinadutsa m'njiramo, mutu unali mbee. Panjira imeneyo pali malo owolokera anthu oyenda pansi, ndipo mpaka lero sindingathe kunena ngati panali munthu kapena ayi. Palibe amene anavulala, palibe chimene chinaphwanyika, ndipo n'chifukwa chake nkhani zotere sizilowa m'kaundula wa ngozi, koma kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kudzitcha dalaivala wosamala pa nkhani ya foni.

Ena pagulu pano alemba kuti lamulo limalola mahedifoni, ndiye nkhani yatha. N'zoona kuti m'mayiko ambiri chimene chimaletsedwa ndi kugwira foni m'manja. Dziko la Britain, mwachitsanzo, linaletsa zimenezi mu 2003 ndipo mu 2017 linakweza chilango kufika pa mapaundi 200, koma kulankhula osagwira foni silinakuletse. Maganizo anga ndi akuti malamulo otere amatsata chimene wapolisi angathe kuona ali m'mbali mwa msewu. Foni ili m'dzanja imaoneka, pomwe maganizo amene achoka pamsewu saoneka. Lamulo limatiuza pamene chilango chimayambira, silitiuza pamene ngozi imayambira, ndipo wogundidwa sapeza mpumulo pomva kuti womugundayo sanaphwanye lamulo la foni.

Enanso amati amangogwira foni akaima pamaloboti. Kumeneko n'kwabwinoko kusiyana ndi kuigwira galimoto ikuyenda, koma maganizo sabwerera pamsewu nthawi yomweyo pamene foni yaikidwa pansi. Kafukufuku wa mu 2015 wa AAA Foundation for Traffic Safety, bungwe la ku America loona za chitetezo cha pamsewu, anapeza kuti kusokonezeka kumatha kupitirira mpaka masekondi 27 munthu atamaliza kulamula foni kapena makina a m'galimoto ndi mawu. Munthu amanyamuka pamaloboti chifukwa wa kumbuyo waliza hutala, osayang'ana ngati woyenda pansi wamaliza kuwoloka, ndipo mphambano ndi malo amene pamakumana zinthu zambiri nthawi imodzi.

Mwina chimene chingawakhudze abambowo kuposa manambala onsewa ndi kudziwa amene amalipira mtengo wake. Lipoti la WHO la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse, ndipo ngozi za pamsewu ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Wokhala m'galimoto ali ndi lamba, ali ndi chitsulo chomuzungulira, ndipo kawirikawiri amatuluka wamoyo. Choncho dalaivala akamati ndi moyo wake ndipo akudziwa chimene akuchita, kwenikweni akuika pachiswe moyo wa munthu wina amene sanafunsidwe.

Za mmene mungawalankhulire, ndikupemphani kuti musayambitse nkhaniyi m'galimoto foni ikangolira, makamaka pamaso pa ana kapena alendo, chifukwa munthu akadzudzulidwa pa chiwongolero amamva ngati mukunyoza luso lake, ndipo mkangano womwewo ndi chosokoneza china. Dikirani nthawi imene mwakhala awiri ndipo mitima ili pansi. Musatsutse zoti ndi dalaivala wabwino, vomerezani, kenako apempheni kuti muyesere limodzi chinthu chimodzi. Tsiku lina akamaliza kulankhula pa foni, muwafunse modekha kuti atchule zimene mwadutsa pa mphindi ziwiri zapitazo, monga chikwangwani, galimoto imene inakupitirirani kapena anthu amene anaima m'mbali. Zimene adzalephere kukumbukira zidzawauza zambiri kuposa zimene ine ndalemba pano.

Pambuyo pake gwirizanani zinthu zosavuta kuchita. Mukakhala limodzi, foni yawo izikhala ndi inu, muziyankha ndi kuuza woimbayo kuti akuyendetsa ndipo aimbanso akaima. Akakhala okha, aziika foni pamene dzanja silingafike, kapena atsegule njira imene mafoni ambiri a masiku ano ali nayo yotsekereza mafoni ndi mauthenga munthu akamayendetsa. Ngati akufuna mapu, alembe kumene akupita asanalize injini. Ngati ntchito yawo ndi yoti sangakhale ola lathunthu osayankha, apatuke pamalo otetezeka, kunja kwenikweni kwa msewu osati pakona kapena pamwamba pa chitunda, aime, alankhule mpaka amalize, ndipo apume pang'ono asananyamuke.

Gawo lina lili m'manja mwanu, mayi, ndi mwa ana anu. Mafoni ambiri amene madalaivala amayankha amachokera kwa abale awo, ndipo amawayankha chifukwa choopa kuti kunyumba kwagwa vuto kapena kuti akaimbidwa mlandu wonyalanyaza. Auzeni momveka kuti simudzakhumudwa foni yanu ikapanda kuyankhidwa ali pa ulendo, ndipo gwirizanani kuti pakakhala chinthu chofulumira mudzaimba kawiri motsatizana, chomwe chidzatanthauza kuti apeze poima. Iwo akakuimbirani ndipo mukumva kulira kwa injini, afunseni ngati aima, ndipo ngati sanaime, auzeni kuti mudikira mpaka aime, kenako mudule foniyo inuyo.