Gyro pa ndege ya rimoti: yankho kwa achimwene a ku Ngabu

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Ngabu. Mwachidule nkhani yawo ndi iyi: m'bale wawo wa ku Joni anawatumizira ndege ya rimoti ya fomu, yoyendera batire, mapiko ake opitirira pang'ono mita imodzi. Aiulutsa kanayi, yagwa katatu, ndipo ulendo womaliza inaphwanyika mphuno. Akuti mphepo ikangowomba ndege imapendekeka iwo asanaganize n'komwe chochita. Mnzawo wawauza kuti agule gyro, ndege izidziwongola yokha, ndiye akufunsa ngati n'zoona komanso ngati n'koyenera kutayirapo ndalama.

Achimwene, gulani. Koma mnzanuyo wakuuzani mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene wasiyayo ndi imene inandithyolera ndege ine.

Gyro ndi kabokosi kongofanana ndi bokosi la machesi, kamene kamalumikizidwa pakati pa risiva (kachipangizo ka m'ndege kolandira malamulo a rimoti) ndi ma servo (timota tosuntha timapiko towongolera ndege). M'kati mwake mulibe gudumu lozungulira ngati m'chida chakale chija chimene Léon Foucault anachitcha gyroscope mu 1852. Muli kachipu kofanana ndi ka m'foni, kamene kamamva ndege ikayamba kutembenuka komanso liwiro la kutembenukako. Kamamva zinthu zitatu: kupendekeka kwa mapiko, kukwera kapena kuzyolika kwa mphuno, ndi kukhotera kumanja kapena kumanzere. Mphepo ikakankha phiko limodzi, gyro imauza servo kuti ibwezere pompopompo, kambirimbiri pa sekondi imodzi. Palibe chala cha munthu chingapikisane nayo.

Mudzaonetsetse mayi amene wasenza ndowa yodzaza pochokera ku mjigo. Njira ndi yokumbikakumbika, mwana ali kumbuyo, mwiniwake akucheza ndi mnzake, koma madzi osatayika, chifukwa khosi likungokonzakonza pang'onopang'ono. Gyro ndi khosi limenelo. Koma khosi silidziwa njira ya kunyumba. Ndege ikamabwera molunjika kwa inu, n'kusokonezeka kuti kumanja ndi kuti, gyro idzamvera chala chanu cholakwacho n'kukaigwetsa m'munda wa mapira mwaulemu wonse.

Pogula muonetsetse mtundu wake, chifukwa dzina ndi limodzi koma ntchito n'zosiyana. Pali imene imangochepetsa kugwedezeka: mphepo ikamenya imabwezera, koma mukapendeketsa ndege n'kusiya ndodo za pa rimoti, ndegeyo imapitiriza chipendekere. Pali ina imene imagwira ndege pamene mwaisiya, ya akatswiri a masewera a m'mwamba, imeneyo musaiyatse panopa. Yachitatu ndi imene mnzanu amanena, yolembedwa 6-axis. Ili ndi kachipu kena kothandiza kudziwa kuti pansi ndi kuti, moti mukasiya ndodo mapiko amabwerera mowongoka, ndipo zambiri siziilola ndege kupendekeka mopyola muyezo. A kampani ya Spektrum yoyamba ija amaitcha AS3X, yodziwongolayi SAFE. Zotsikirapo mtengo zilipo, monga zina za HobbyEagle A3, ndipo ma risiva ena a FrSky amabwera gyro ili kale m'kati. Inu mufunika yokhala ndi zonse ziwiri, kuchepetsa kugwedezeka ndi kudziwongola, komanso yotheka kuizimitsa ndi swichi ndege ili m'mwamba. Ngati rimoti yanu ili ya machanelo 6, monga FlySky FS-i6 imene ambiri timayambira, anayi ndi oulutsira, lachisanu mupatse swichiyo, lachisanu ndi chimodzi mupatse kopotokola ka gain (mphamvu ya kubwezera kwa gyro) ngati gyro yanu ikulola.

Koma musanatumize ndalama, ndikufunseni: mumaulutsa nthawi yanji? Ndikuganiza kuti ndi masana, mukaweruka ku ntchito kapena ku tchalitchi. Kuno kuchigwa kuyambira September mpaka mvula itagwa, nthaka imatentha msanga, ndipo ikamakwana 10 koloko mpweya umakhala ukubwadamuka ngati phala. Akamtema amakondwa nawo, amangozungulira osakupiza mapiko, koma kandege ka fomu kosakwana kilo imodzi kamangoponyedwa uku ndi uku. Kamvuluvulu akadutsa pabwalo, palibe gyro ingalimbane naye. Ine ndimafika pabwalo kukungocha, ikamati 8 koloko ndalongedza kale. Mwera wa mu June ndi July uli bwinoko chifukwa umawomba mbali imodzi, bola mupewe kutera kuseri kwa mlambe kapena kwa makalasi, kumene mphepo imafika itasweka. Mwina kugwa kwanu kwina si kwa gyro ayi, n'kwa wotchi.

Chinanso ndi kulemera. Mukamata mphuno yophwanyikayo, ikani batire m'malo mwake, kenaka nyamulani ndege ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo amene buku lake lanena. Pa ndege zambiri zophunzirira malowa amakhala pakati pa gawo limodzi mwa magawo anayi ndi limodzi mwa atatu a m'lifupi mwa phiko, kuyambira kutsogolo. Iime mowongoka kapena izyolike mphuno pang'ono. Ikamalemera kumchira sunthani batire kutsogolo. Ndege yolemera kumchira gyro imangoibisira matenda, ndipo tsiku limene mudzaizimitse ndi limene mudzawaone.

Tsopano za ine. Gyro yanga yoyamba ndinaiika usiku, mofulumira, magetsi atangobwera. M'mawa ndinayesa ndodo zonse, zikuyenda bwinobwino, n'kuiponya ndege. Phiko lamanja linangotsika pang'ono, ndege n'kugudubuzika yonse ngati mkeka ukupindidwa, thi! m'munda wa thonje. Sizinathe ngakhale masekondi atatu. Ndodo zinalibe vuto, koma gyro inali chozondoka pa ma aileron, timapiko tosuntha ta kumbuyo kwa mapiko, ndiye m'malo mobwezera inkawonjezera. Ana amene anathamangira kukatola zidutswa anandibweretsera pulopela yothyoka pakati ndi batire itapindika ngati nthochi. Mmodzi anandifunsa mwaulemu ngati imeneyo ndiye inali sitayilo yake.

Choncho mayeso ndi awiri osiyana, ndipo onse muzichita musanaulutse, tsiku lililonse. Oyamba ndi a ndodo. Achiwiri, siyani rimoti, nyamulani ndege muli kumbuyo kwake, mota ili yozima. Tsitsani phiko lamanja mwadzidzidzi: aileron ya kumanja iyenera kugwedezekera pansi, ya kumanzere m'mwamba. Kwezani mphuno: elevator, kaphiko kopingasa ka kumchira, ipite pansi. Khotetsani mphuno kumanja: rudder, kaphiko koimirira ka kumchira, ipite kumanzere. Pa gyro yongochepetsa kugwedezeka ija mudzangoona kuphethira kamodzi kenaka zii, ndiye kwezani gain yonse poyesa kuti muone bwino, mukatha mubwezere pansi. Pokonza pa tebulo chotsani pulopela kaye. Imadula chala mpaka fupa.

Poika gyro, kamuvi kake kaloze kumene buku lanena, ikhale yowongoka, pafupi ndi pakati pa kulemera kwa ndege. Imamatidwa ndi tepi ya fomu yomata mbali zonse. Apa ndi pamene chigwa chathu chimasiyana ndi makanema a pa YouTube ojambulidwa ku mayiko ozizira. Mu October kuno kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo m'mimba mwa ndege yosiyidwa padzuwa mumatentha kuposa apo. Tepi yotchipa imafewa, guluu wamoto uja amasiya kugwira, gyro n'kumagwedera m'kati, ndipo ikagwedera imayesa kuti ndege ndiyo ikutembenuka. Pukutani fumbi musanamate, ndipo muziikanikiza ndi chala m'mawa uliwonse kuti mumve ngati yagwira. Pulopela yobenthuka nayo imanjenjemeretsa ndege yonse n'kusokoneza kachipu, isintheni. Mukalumikiza batire, siyani ndege ili duu pansi kwa masekondi angapo mpaka ma servo apereke chizindikiro, chifukwa nthawi imeneyo gyro imakhala ikuphunzira kuti kukhala chete n'kutani. Mukalumikiza mukuyenda nayo m'manja, yaphunzira bodza.

Gain ndi mphamvu imene gyro imabwezera nayo. Ikachepa simudzaona kusiyana. Ikachuluka ndege imayamba kunjenjemera mapiko ngati munthu wa malungo, makamaka ikathamanga, chifukwa pa liwiro lalikulu kusuntha kochepa kwa aileron kumakhala ndi mphamvu yaikulu. Yambani pansi, nyamukani gyro ili yozima kapena gain ili yochepa, kwerani pamwamba ndithu, yatsani chala chili pa swichi. Onjezerani pang'onopang'ono, ulendo ndi ulendo, mpaka muone kunjenjemera pa liwiro lonse, kenaka bwererani pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine zinanditengera Loweruka atatu.

Pali choopsa chimodzi chimene gyro imabweretsa yokha. Ndege yopanda gyro ikamachepa liwiro imadandaula: imagwedezeka, ndodo zimafooka, mwini wake n'kudziwa kuti aonjezere moto. Ya gyro imaoneka yabwinobwino mpaka mapiko asiyiretu kunyamula, kenaka imangogwa ngati papaya. Mpweya wotentha ndi wopepukanso, moti masana ndege imafuna liwiro lochulukirapo poyerekeza ndi m'mawa. Potera musazimitse mota kutali, bwerani ndi moto pang'ono, mphuno italoza kumene mphepo ikuchokera.

Dziwaninso kuti ndi gyro ma servo sapuma, ndiye amadya magetsi ambiri ndipo aja ang'onoang'ono a magalamu 9 a mano a pulasitiki amatha msanga. Mabatire a ndegezi, otchedwa LiPo, musamawasiye m'galimoto kapena pansi pa malata masana. Yotupa ichotseni. Yodzaza imakhala 4.2V pa selo, koma yosunga masiku ambiri ikhale cha pa 3.8V.

Ndipatuke pang'ono. Musanayambe kuulutsa pa bwalo latsopano, kaoneni amfumu ndi ahedi a sukuluyo, ndege ili m'manja, aigwire, aone batire ndi mawaya. Kwathu kuno chinthu chouluka chopanda munthu m'kati chimabereka nkhani msanga, ndipo mbiri ya lichero simukuifuna. Ine ndikamafotokoza ndimatchula za ku Kasungu, kumene boma ndi UNICEF anatsegula malo oyesera ma drone mu 2017, anthu amamvetsa. Khalani kutali ndi mabwalo a ndege, mawaya a magetsi ndi ng'ombe, ndipo ana onse aime kumbuyo kwanu musanalumikize batire.

Gyro ikafika, maulendo oyamba ulukani nayo yodziwongola ija, kuti muphunzire kukhota ndi kutera mtima uli m'malo. Koma ulendo uliwonse, mukakwera kutalika kwa milambe itatu, sinthani swichi kwa theka la mphindi muulutse ndi zala zanu, zikavuta bwezerani. Theka la mphindilo lizikula sabata ndi sabata. Ndikudziwa anthu amene aulutsa chaka chathunthu ali pa yodziwongola, ndipo ukawapatsa ndege wamba amangokankha ndodo mpaka kumapeto monga anazolowera, ndege n'kugadama.

Mukamata mphunoyo munditumizire zithunzi ziwiri, china ndege ili pa zala, china cha m'kati mmene mukufuna kuika gyro, ndione musanamate tepi.