Mphaka wachitatu: mwafunsa eni nyumba?

Achemwali ena a ku Area 49 anditumizira imelo. Ali ndi amphaka awiri, akufuna wachitatu, ndiye akufunsa kuti asankhe wotani kuti m'nyumba musabuke nkhondo. Achemwali, mwandikhudza pachilonda.

Ine ndinali ndi Mdima, wakuda bii, wa zaka 11, ndi Bonya, wamantha woti geti likangolira wathawira kale kunsi kwa bedi. Tsiku lina ndikugula tomato ku Area 25 ndinaona kamphaka kachikasu m'katoni, kakuluma chala cha aliyense. Ndinakatenga pompo. Ndinadzisankhira ndekha, eni nyumba awiri aja osawaganizira n'komwe.

Kanali ka miyezi itatu, msinkhu wofuna kugwetsana usana ndi usiku. Mdima, ndi mafupa ake okalamba, ankangofuna kuothera dzuwa pakhonde, koma kankamudumphira pamsana. Bonya anayamba kusiya usipa m'mbale, kenako kukodza pasofa. Ndinamukalipira, ndipo mpaka pano zimandiwawa. Mphaka akayamba kukodza posayenera ndiye kuti ali ndi nkhawa kapena akudwala, si mwano ayi.

Ndiye aneba! Mdima atayamba kugona pampanda wawo pothawa phokoso, mayi ena anasiya kundiyankha moni. Mphaka wakuda ndiye ufiti basi? Zimandinyansa. Pa atatuwo, wofatsa kwambiri anali wakudayo. Musadzasankhire mtundu wa ubweya, kaya kukongola kwa maso. Ndipo kamwana musatenge ngati amphaka anu ndi okalamba. Ndakana.

Nanga musankhe wotani?

Yambani ndi wamantha wanu: angapirire mlendo wotani? Pezani wofanana nawo msinkhu ndi mphamvu, amene anazolowera kukhala ndi amphaka anzake. Ku LSPCA, bungwe losamalira nyama ku Lilongwe, funsani osamalira amphaka, iwo ndiwo amadziwa wandewu ndi wofatsa. Akhale wofulidwa kapena wotsekedwa, wobayitsa katemera wa chiwewe. Sabata ziwiri zoyamba akhale m'chipinda chakechake, muzimupukuta ndi kansanza n'kukawanunkhitsa enawo asanaonane. Aliyense mbale yake, ndipo amphaka atatu mabokosi anayi a mchenga odzithandiziramo.

Kachikasu kaja ndinakapereka kwa alamu anga ku Kawale. Akuti agalu awo awiri amadikira kaye kuti kadye.