Kwa mphwanga wa ma nanotube: tenga MgO

Mphwanga wa ku Linthipe, wafunsa kuti pa pulojekiti yako ya chaka chomaliza yomeretsa ma carbon nanotube (timachubu ta carbon tosaoneka ndi maso) utenge ufa uti wonyamulira catalyst (chitsulo chomeretsera timachubuto) pakati pa zeolite, silica ndi MgO (magnesium oxide), komanso ngati uvuni wowotchera makapu adothi ngati a ku Dedza Pottery ungagwire ntchito. Ine ndikuti tenga MgO, uviike mu iron nitrate, uumitse, uwotche, ukafuna onjezera cobalt kapena molybdenum pang'ono basi.

Timachubuti timamera pa timibulu ta chitsulo cha mu iron nitrate uja tating'onoting'ono ndipo kunenepa kwa kachubu kumatengera kukula kwa kambulu. Nde vuto ndi loti ukafika 800°C timibuluto timathamangitsana n'kuundana chibulu chimodzi, zikatero umangokolola mwaye, chubu ayi. Timabowo ta mu ufa uja ndi tomwe timagwira kambulu kalikonse pamalo pake ngati kachewere wodzala phando lakelake. Zeolite ndi silica timabowo take n'tabwino sindikukana, koma pomaliza kuti uzichotse nthawi zambiri pamafunika HF (hydrofluoric acid), asidi uja amaboola khungu mpaka kukafika pa fupa, pomwe MgO amasungunuka mu asidi wa HCl wothira madzi, wasefa, watsuka, zatha.

Carbon yake usavutike ndi masilinda a mpweya wa acetylene. Gwiritsa ntchito ethanol, gulu la Shigeo Maruyama ku Tokyo linaonetsa kale mu 2002 kuti imatulutsa machubu oyera bwino, ndipo kuno imapangidwa ku Dwangwa komanso ku Chikwawa. Kachasu ayi aise, madzi ndi ambiri mmenemo kkkk.

Za uvuni wa makapu iwalako. Kutentha umafika inde koma mpweya umalowa, carbon yonse imangopsa. Pamafunika tube furnace, uvuni wokhala ndi paipi ya quartz yoti mpweya wa argon kapena nitrogen uziyendamo mpaka izizire, ndipo ufunsiretu za jenereta coz magetsi akathima pakatikati basi wataya sample.

Koma usanagule kanthu, kaone asupavaiza ako akuuze komwe ukayezere ufa wakudawo. Ndi maso mwaye ndi nanotube n'chimodzimodzi, pamafunika Raman, makina oyezera ndi kuwala kwa laser, pomwe pa graph yake uyerekeza D band ya cha pa 1350 (yoonetsa carbon yosokonekera) ndi G band ya cha pa 1580 (yoonetsa carbon yoyalana bwino), komanso TEM, maikulosikopu ya ma electron, ngati ikupezeka. Ufawo usaupume, uzisunga wonyowa m'botolo lotseka ndipo uzivala mask yeniyeni osati yansalu ija.